Chala Chimene Chinavotera Amalume

Munthu akandiuza kuti masiku ano aliyense ali ndi foni, ndimayamba ndamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Aliyense wake uti? Mawu amenewa ndinawamva ndili chiimire pa geti la nyumba ina ku Germiston, amalume anga ali pambali panga atavala jekete yawo yopitira kumaliro, ndipo mpaka lero akandilowa m'khutu mtima umandiwira.

Amalumewo anali alongo awo a mayi anga. Anabwera kuno ku Joni ine ndisanabadwe, nthawi ya migodi, ndipo migodi itawalavula sanabwererenso kukakhala kwathu ku Ntchisi. Anatchona. Nditabwera kudzafuna ntchito, ndi iwo amene anandilandira mu mkuku wawo ku Dukathole, kanyumba ka malata pamwamba ndi m'mbali momwe, n'kukadula pakati ndi chinsalu kuti ine ndizigona uku iwo uko. Ankasoka nsapato pafupi ndi pokwerera matekisi. Sanali munthu wa nthabwala ayi. Akakwiya ankakalipa m'Chifanakalo cha kumgodi, akasangalala ankangoti "eya," basi. Ndinadzapeza ntchito ya m'nyumba ku Boksburg n'kupezanso mkuku wangawanga chapafupi ndi wawo, koma pobwera ku ntchito ndinkadzera kwa iwo kukaona ngati amwa mapilisi awo a shuga.

Chinthu chimene amalume ankachinyadira pa moyo wawo wonse chinali bungwe lathu la maliro. Anali m'gulu la amene analiyambitsa. Ntchito ya bungwelo inali imodzi: mnzathu akamwalira kuno, kumunyamula kupita naye kwawo. Amalume anaperekeza maliro ambirimbiri, atakhala kutsogolo kwa kabasi, bokosi lili mu thilela kumbuyo, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, mpaka kukalowera pa Dedza. Ndipotu ife tili ana tinkawaona motero, akatula maliro a wina ku Dowa kapena ku Kasungu n'kupatukira kwathu kudzagona pang'ono. Ulendo uliwonse ankapita kumanda a pamudzi pathu kukaona malo amene anali pambali pa mayi awo, pansi pa mtengo wa msuku. "Pamenepo ndi panga," ankatero. "Ine ndanyamula anzanga, tsiku langa nanenso adzandinyamula." Zoti angadzagone mu dothi la Joni sankazilota n'komwe.

Tinkakumana Lamlungu loyamba la mwezi mu galaja ya wapampando wathu, bambo wa ntchito yoika mageti a magetsi m'nyumba za anthu olemera, munthu wophunzira ndiponso, ndinene zoona, wamtima wabwino. Nkhani ikakhala yaikulu tinali ndi kachitidwe kathu. Ankayamba kulankhula ndi achinyamata, kenako ife apakati, akuluakulu kumapeto. Zikatha wapampando ankati, "Amene mukuvomereza, imirirani." Osati kukweza mkono ayi. Amalume ankati mkono umabisala kuseri kwa mutu wa mnzako, koma munthu wathunthu sabisala. Unkaimirira ukuyang'anizana ndi amene ukumutsutsayo. Panali agogo ena a miyendo yotupa ochokera ku komboni ya Ramaphosa amene kudzuka pa benchi kunali ntchito yaikulu, ndipo palibe amene ankayamba kuwerenga iwo asanaime bwinobwino.

Chaka chimenecho, nyengo yozizira, kunabuka nkhani. Ena anati kunyamula maliro kwatilemera, tiyeni tiziikana konkuno. Sindikuwanyoza anthu amenewo, anali ndi mfundo. Mayi wina wobadwira ku Zimbabwe, amene makolo ake okha ndiwo anali a ku Malawi, anaimirira n'kufunsa kuti, "Mukuti mukanditule kwathu, kwathu kwake kuti? Ana anga ali kuno. Mukufuna azikandilirira kwa anthu amene sanandionepo?" Anthu anatsutsana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo nthawi ya akuluakulu isanakwane, wapampando anayang'ana kunja n'kunena kuti kwada, anthu asasowe matekisi. Anati nkhaniyi tidzaimaliza mwezi wa mawa, akuluakulu adzalankhula, kenako tidzavota. Ndinamva ndi makutu angawa.

Tsopano ndifotokoze za gulu la pa foni, pakuti ndi pamene panagona njoka. Nthawi ya mliri ija, misonkhano italetsedwa, bungwe linatsegula gulu la pa foni loti tizidziwitsana za maliro. Mlembi anazungulira kufunsa manambala. Ndiye inu mukudziwa mmene timachitira ife: munthu ukafunsidwa nambala sunganene kuti ndilibe, n'zamanyazi. Umapereka ya wina amene akhoza kukupeza. Kumudzi timapereka ya mwini golosale kapena ya aphunzitsi, ndipo uthenga umafika. Amalume anali ndi kafoni ka mabatani, kaja anzathu a ku Zimbabwe amakatcha kambudzi, kamene sikalowa pa magulu oterowo. Choncho anapereka nambala ya mwana wawo. Agogo a miyendo yotupa anapereka ya abusa awo. Wina anapereka ya mnyamata wa pa shopu. Ena sanalembedwe n'komwe. Palibe anaona cholakwika, chifukwa gululo linali la mauthenga chabe.

Ine foni yaikulu ndinali nayo, galasi lake long'aluka, koma bandulo ndinkagula ya tsiku limodzi, makamaka ndikafuna kuona ana anga kumudzi. Kuntchito madamu anali ndi intaneti ya m'nyumba, koma sanandipatse chinsinsi chake, ndipo ine sindinabwere ku Joni kudzapempha. Kuwonjezera apo, mwezi umenewo mbali yathu ya Dukathole inakhala mu mdima, mawaya atapsa. Kutchaja foni kunali kokasiya pa shopu. Ndiye ndinkaizimitsa n'kuiika pansi pa pilo. Ndikanatsegulanso gululo chifukwa chiyani? Tsiku la msonkhano tinkalidziwa tonse.

Mwezi wonsewo amalume anali kukonzekera. Ndikawapeza pa ntchito yawo, misomali ili kukamwa, ndinkawamva akung'ung'udza okha, akulankhula kwa nsapato. Ankatchula anzawo amene anawanyamula, wina ndi wina, ndi midzi imene anakawatula. Anayenda mkuku ndi mkuku kuuza okalamba anzawo kuti Lamlungu limenelo asadwale. Loweruka anandipatsa jekete kuti ndisite, ndipo poti magetsi kunalibe ndinachita kubwereka simbi ya makala. Ndinawaseka kuti, "Amalume, kodi mukukafunsira mbeta?" Anangoti, "Iwe, sita."

Tinafika ku Germiston dzuwa lili pamutu, gulu la okalamba ndi ife owagwira mikono. Agogo aja anatsika tekisi mochita kunyamulidwa. Titakhota pa ngodya ndinaona kuti china chake sichili bwino. Galaja inali yotseka. Mabenchi anali atasanjikizidwa kuseri kwa nyumba, ndipo wapampando anali pabwalo atavala kabudula, akutsuka galimoto.

Atationa anatseka madzi, n'kubwera ku geti akupukuta manja.

"Aa, akuluakulu, takulandirani. Kwagwanji?"

"Tabwera ku msonkhano," anatero amalume.

"Msonkhano? Kodi simunaone pa gulu? Lero kulibe. Nkhani ija tinamaliza kale mkati mwa sabata, tinavota pa foni."

Ine ndinamva ngati wandithira madzi ozizira aja amatsukira galimoto. Ndinati, "Mwati chiyani? Tabwerezani."

Anabwereza, mwaulemu wake, akumwetulira ngati munthu amene watichitira zabwino. Anati anthu ambiri amagwira ntchito Lamlungu, alonda, a m'masitolo, a m'nyumba za azungu, ndipo akhala akudandaula kuti nkhani zikuluzikulu zimagamulidwa iwo kulibe. Pa foni aliyense amavota ali pomwe ali. "Ndipotu, chemwali, masiku ano aliyense ali ndi foni."

Ndinacheuka kuyang'ana anthu amene ndinabwera nawo. Aliyense! Agogo aja anali atatsamira mpanda, akupuma movutikira, m'manja muli kampango basi.

"Nanga zatha bwanji?" anafunsa amalume. Mawu awo anali otsika kwambiri.

Wapampando anatulutsa foni m'thumba la kabudula n'kutionetsa. Panali timizere tiwiri, kamodzi kakatali, kena kakafupi. Kakataliko kanali ka oti tiziikana konkuno. Ntchito ya zaka zonse zija, misewu yonse ija, inathera pa kamzere kobiriwira kosakwana chala changa.

Ndinalephera kudzigwira. "Abambo, munanena nokha kuti akuluakulu adzalankhula. Alankhula liti? Ndani anakuuzani kuti tikufuna kuvota pa foni?"

"Ayi, sitinachite mwachibwana," anatero iye. "Tinayamba tafunsa kaye ngati anthu ali okonzeka kuvotera pa foni. Pafupifupi onse anati eya."

"Munafunsira kuti?"

"Pa gulu."

Ndinaseka, koma kuseka kwake kunali kowawa. "Mayo ine! Munafunsa pa foni ngati anthu akufuna foni? Ndiye kuti munalowa mu bala n'kufunsa ngati anthu amakonda mowa!"

Nkhope yake inasintha, kumwetulira kuja kunatha. Ndikukhulupirira kuti mpaka nthawi imeneyo anali asanaganizepo zimenezo. Koma mwamuna akachita manyazi pamaso pa anthu amafuna pothawira, ndipo iye anapapeza. Anadina pa kamzere kakatali kaja, mayina a ovota n'kutuluka. Anatsitsa ndi chala, n'kuima.

"Komatu sindikumvetsa chimene mukudandaula. Achikulirewa anavota. Si awa? Anavomereza zoika konkuno."

Anatembenuzira foniyo kwa ife. Dzina la amalume linali pamenepo, lolembedwa bwinobwino, pakuti iye nambala ija anaisunga m'dzina lawo.

Amalume anasendera pafupi, anatsinzina diso limodzi, n'kuyang'anitsitsa. Kuwerenga ankatha. Anawerenga dzina lawo milomo ikugwedera.

"Ine?"

Sanakalipe. Ndinkayembekeza Chifanakalo chija, koma sichinatuluke. Anangogwira geti ndi manja onse awiri n'kufunsanso, "Ine ndanena kuti andiike kuno?" Okalamba anzawo anayamba kuwayang'ana mwachilendo, ndipo bambo wina amene amalume anachita kumudzutsa pa mphasa kuti abwere anati, "Achimwene, ndiye mumatiyendetseranji?" Apo m'pamene ndinaona amalume akuzolitsa mutu pamaso pa anthu. M'moyo wanga ndinali ndisanawaonepo choncho.

Tsiku lomwelo ndinakwera tekisi ya ku Reiger Park kukafuna mwini nambalayo. Msuweni wanga ameneyu anabadwira konkuno kwa mayi wa Chisutu amene anamwalira kale. Ndi bambo wamkulu ndithu, wa ana ake, mlonda pa sitolo zikuluzikulu za ku Boksburg. Ku Malawi sanapondeko. Chichewa amamva chapatalipatali, ndipo timalankhulana mosakaniza ndi Chizulu. Masiku onse tikakumana timayamba ndi chipongwe cha pachisuweni, iye kunditcha mzala, ndiye kuti msuweni m'Chizulu, ine kumuuza kuti ndi mwamuna wanga wosalowola. Tsiku limenelo ndinalowa osaodira n'komwe.

"Iwe, unadina chiyani pa gulu la maliro?"

Anali akupaka polishi majombo ake a kuntchito. Anandiyang'ana modabwa. "Lija la adadi? Eya, kunabwera funso, linalembedwa m'Chizungu ndi m'chilankhulo chanu. Ndinayankha."

"Unawafunsa?"

"Kuwafunsa chiyani, mzala? Funsolo linabwera pa foni yanga."

"Ukudziwa kuti wawagulitsa bambo ako? Ukudziwa kuti dzina lawo likuoneka kuti iwo ndi amene akana kupita kwawo?"

Anaika jombo pansi. Anati sankadziwa kuti pakuoneka dzina la bambo ake, ndipo ndinamukhulupirira, chifukwa nkhope yake inagwa nthawi yomweyo. Koma kenako anapitiriza. Anati, "Mzala, anafunsa kuti munthu akamwalira aikidwe kuti. Ine ndinaganiza za adadi. Manda a mayi anga ali apa, ndimakwera tekisi imodzi n'kukawalimira udzu. Adadi mukawatengera kuphiri kwanuko, ine ndidzawaona liti? Pasipoti ndilibe. Njira sindikuidziwa. Kodi ndalakwa kufuna manda a bambo anga pafupi?"

Ndinabwera ndi mawu odzaza kukamwa, koma ndinangokhala pansi pa kreti. Ndikanamutukwana bwanji? Anali ndi chilungamo chake. Chimene chinandiwawa n'chakuti mawu amenewa anayenera kuwanena mu galaja muja, ataimirira, bambo ake akumuyang'ana, iwonso n'kumuyankha. Mwina akanamvana. Mwina akanakangana mpaka kulira. M'malo mwake anadina ali yekha pa geti la kuntchito, pakati pa kutsegulira galimoto ina ndi ina.

Msonkhano wotsatira unachitika, chifukwa ndinaumiriza. Ndinagula bandulo n'kulankhula pa gulu lomwelo mpaka ena anayamba kunditcha mayi wa mkamwa. Zinalibe kanthu. Galaja inadzaza. Wapampando anapepesa chifukwa cha dzina la amalume, anati imeneyo inali ngozi. Koma anati voti imodzi siisintha kanthu, kusiyana kunali kwakukulu. Ndinamufunsa za abusa amene anavotera agogo aja, za mnyamata wa pa shopu, za amene sanalembedwe, za ife amene mafoni athu anali pansi pa pilo. Achinyamata anayamba kung'ung'udza. Mmodzi, mlonda wa usiku, anati, "Zaka zonsezi mwakhala mukugamula ife tili kuntchito, sitinalire. Lero tapeza njira yoti nafenso timveke, mwayamba kuti n'zachinyengo?" Nayenso sankanama, ndipo zimenezo n'zimene zinkandipsetsa mtima kwambiri. Komiti inati inagwirizana kale ndi oika maliro a konkuno, madzi akatayika saoleka. Wofuna kupita kwawo, abale ake adzionere.

Nthawi ya akuluakulu itakwana, amalume anadzuka. Ndinati eya, lero amva, mawu aja a mwezi wathunthu atuluka. Anakonza jekete yawo, anayang'ana galaja yonse, koma sanatchule ngakhale mnzawo mmodzi mwa amene anawanyamula.

"Ndaimirira," anatero. "Mundiwerenge."

Wapampando anayang'ana pansi. Agogo a miyendo yotupa anayamba kulimbana ndi benchi, ine n'kuwagwira m'khwapa, mpaka anaima. Okalamba ena anaimanso. Tinakhala chiimire choncho, anthu ena akuyang'ana kudenga, ena m'mafoni awo. Palibe anatiwerenga. Patapita nthawi mlembi anatsokomola n'kunena kuti tipite pa mfundo yotsatira.

Masiku ano ndimamva achinyamata m'tekisi akunena kuti zikanakhala bwino ife a kunja tikanamavotera pa foni ngakhale zisankho za kwathu, m'malo mongoonerera. Amandifunsa kuti, "Inu anti, simungakonde?" Ndimawayankha kuti ndingakonde kwambiri, koma ayambe andiuza kuti foni yake ya ndani, yotchajira kuti, ndipo chala chake cha ndani. Amandiona ngati wamisala.

Patangopita masabata ochepa chichitikire msonkhano uja, ndinapeza amalume akugawa zipangizo zawo. Chitsulo chokhomerapo nsapato anali atapatsa kale mnzawo wa pokwerera matekisi paja. Sutikesi inali pa bedi, yotsegula.

"Amalume, n'chiyani chimenechi?"

"Ndikupita."

"Kuti?"

"Kwathu. Poti anena kuti sadzandinyamula, ndidzinyamula ndekha ndikadali ndi mawondo okwerera basi."

Ndinakhala pansi pomwepo. Ndinawauza zonse zimene munthu anganene. Mayi anga, mlongo wawo, anali atamwalira kale. Nyumba ya makolo inagwa. Otsala pamudzi ndi ana a ana, amene amawadziwa ngati mlendo wobwera ndi buledi. Chipatala chili kutali, ndipo mapilisi a shuga amene kuno ankangotenga pa kiliniki kumeneko adzawapeza kuti? Ndinati ine ndi msuweni wanga tidzayesetsa, tsikulo likadzafika tidzapempha kwa anthu. Anandiyang'ana ndi diso lija.

"Iwe wa ntchito ya m'nyumba ndi uja wa pa geti? Mudzalira, mudzayesa, kenako mudzandiika kuno n'kunena kuti ndi mmene anafunira mwini wake, zinalembedwa. Ayi. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka."

"Ndiye mukupita kukadikira imfa?"

"Nanga kuno ndimadikira chiyani?"

Ndinalira ngati mwana. Munthu anali wamoyo, akudya, akuyenda, akusoka nsapato, ndipo tinkamutaya chifukwa cha kamzere ka pa foni. Amati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Amene ananena zimenezo anali asanaone zimene ndinaona ine.

Tinawaperekeza m'mawa wina m'tauni, kumene amanyamukira mabasi a kwathu. Panali phokoso la masiku onse, mafiriji ndi matumba akukwezedwa mu thilela. Amalume anaima n'kuyang'ana thilelayo kwa kanthawi. Msuweni wanga anabwera atavala yunifomu, atathawa kuntchito. Masiku onsewo anali atawachonderera mpaka kugwada, osaphula kanthu. Basi itayamba kulira, anatulutsa foni yake ija, yaikulu, n'kuwaika m'manja.

"Adadi, tengani. Ndidzagula ina. Tizidzaonana nkhope, ana azidzakuonani."

Amalume anaitembenuza uku ndi uku, n'kumubwezera.

"Sunga, mwana wanga. Imeneyi inandilankhulira kale."

Msuweni wanga anabwezera foniyo m'thumba. Ndiye amalume anawerama n'kutulutsa m'chikwama pulasitiki yokulunga. Munali majombo akale a kuntchito a msuweni wanga, amene anawataya kwa bambo ake kalekale atang'ambika. Anali atawaika zidendene zatsopano n'kuwasoka mozungulira ndi ulusi wokhuthala. "Awa sakulowa madzi," anatero. Anamugwira paphewa kamodzi, n'kukwera.

Ndinathamangira pa windo. "Amalume, nanga tizikupezani bwanji? Kuseri kwa phiri kuja kafoni kanuko sikagwira."

"Muziimba kwa mwini golosale wa pa msika," anatero. "Uthenga uzifika."

Ndipo unkafikadi, mwa apo ndi apo. Tinkaimba, mwini golosale n'kutuma munthu wa njinga, tsiku lina amalume n'kubwera kudzalankhula. Ankati ali bwino. Anamanga kanyumba, ankasokera anthu mapatapata. Za mapilisi ndikafunsa ankasintha nkhani. Mvula itayamba, foni ya golosale inasiya kupezeka. Ndinaganiza kuti ndi mitambo, poti amatchajira dzuwa.

Uthenga unandipeza ndili kuntchito, ndikusita malaya a bwana. Mwini golosale anati wakhala akuyesa kundipeza koma netiweki inali itagwa. Anati achikulire aja anatisiya, shuga inakwera, anthu anayesa kuwanyamula pa ngolo koma sanafike nawo. Ndinafunsa kuti mwambo uli liti, kuti ndione ngati ndingapeze basi.

"Pepani mayi, tinaika kale. Kuno kulibe kosungira, mukudziwa. Koma tinawaika pamene ankanena paja, pa msuku."

Ndinazimitsa simbi n'kukhala pansi pa matailosi a madamu. Anafika pamalo pawo, inde. Koma munthu amene ananyamula anzake dziko ndi dziko anatsitsidwa m'manda popanda mwana wake, popanda ine, popanda ngakhale mmodzi wa bungwe limene analiyambitsa. Pa gulu la pa foni anthu anatumiza timanja topemphera ndi tinkhope tolira, tambirimbiri.

Msuweni wanga anandipeza ku Dukathole madzulo ake, dzuwa lisanalowe. Anali ndi chikwama kumsana, kuphazi atavala majombo aja. Ndinali nditamuuza pa foni kuti bambo ake apita, koma zinazo ndinalephera.

"Mzala, ndapempha tchuthi. Akuti pali pepala limene munthu angayendere mwadzidzidzi popanda pasipoti. Tikanyamuka mawa tifika liti? Awauze adikire, ndine mwana wawo."

"Khala pansi," ndinatero.

"Ayi, tiyeni tikafunse basi."

"Khala pansi, msuweni. Anaika kale."

Anandiyang'ana nthawi yaitali osaphethira. Kenako anavula chikwama chija pang'onopang'ono, n'kukhala pakhomo, pa dothi. Anatulutsa foni m'thumba, anaiyang'ana, n'kuiika chafufumimba pakati pa majombo.

"Ndinangodina kamodzi, mzala," anatero. "Ndimafuna akhale pafupi."